Yamaguchi Sennosuke

Yamaguchi Sennosuke (4 Juni 1851 – 25 Malichi 1915) anali munthu wabizinesi wa ku Japan amene anayambitsa Fujiya Hotel m'mudzi wa Miyanoshita, m'mapiri a Hakone, m'chigawo cha Kanagawa. Hotelayi inatsegulidwa mu 1878 ndipo ikulandirabe alendo mpaka lero. Ndi imodzi mwa mahotela akale kwambiri a mtundu wachizungu m'dzikolo. Cholinga cha Yamaguchi chinali kukopa alendo ochokera kunja kuti asiye ndalama zawo ku Japan. Pofuna kukwaniritsa zimenezi analambula msewu wa m'mapiri, anabweretsa magetsi kumudziko, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 hotela yake sinkalandira alendo achijapani, ngakhale olemera ndi otchuka.

Mwa mwambo wa ku Japan, dzina la banja limayamba, choncho Yamaguchi ndi dzina la banja ndipo Sennosuke ndi dzina lake lenileni. Popeza anthu angapo a m'banjali anayendetsapo hotelayi, m'nkhaniyi akutchulidwa ndi mayina awoawo.

Ubwana wake

Sennosuke anabadwira m'dera lomwe masiku ano lili m'chigawo cha Kanagawa. Bambo ake omubereka anali sing'anga wa mankhwala a chikhalidwe ochokera ku China, ndipo iye anali mwana wamwamuna wachisanu. Pa nthawiyo dziko la Japan linkalamulidwa ndi banja la Tokugawa, ndipo kwa zaka zoposa 200 linali litatseka zitseko zake kwa anthu ambiri akunja. Sennosuke ali ndi zaka ziwiri, mu 1853, zombo zankhondo za ku America zotsogoleredwa ndi Matthew Perry zinafika kudzakakamiza dzikolo kuti liyambe malonda ndi mayiko ena. Mu 1859 doko la Yokohama linatsegulidwa, ndipo kamudzi ka asodzi kameneka kanasanduka tauni yodzaza ndi amalonda a ku Britain, America, France ndi China.

Ali ndi zaka pafupifupi khumi, Sennosuke anaperekedwa kwa Yamaguchi Kumezō wa ku Yokohama kuti akhale mwana wake. Zoterezi zinali zofala ku Japan: banja lofuna wolowa m'malo linkatenga mnyamata wa banja lina ndi kumupatsa dzina lawo. Kumezō anali mwini wa nyumba zochitiramo uhule m'dera lomwe boma linkaloleza ntchitoyi, ndipo imodzi mwa nyumba za banjali, yotchedwa Jinpūrō, inadzatchuka kwambiri pakati pa amalinyero ndi alendo achizungu. Mbali imeneyi ya mbiri yake sikonda kutchulidwa m'timabuku tokopa alendo, koma ndi yofunika. Mnyamatayu anakulira pakhomo pomwe ankaona tsiku ndi tsiku mmene azungu amawonongera ndalama, ndipo chuma cha pakhomo pomwepo ndi chomwe chinadzamudzutsa hotela yake itapsa.

Ulendo wa ku America ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri

Mu 1868 ulamuliro wa a Tokugawa unatha ndipo boma latsopano la mfumu yaikulu Meiji linayamba kutengera nzeru za mayiko a azungu mwaliwiro. Mu 1871, chaka chomwe gulu la akuluakulu a boma lotsogoleredwa ndi Iwakura Tomomi linanyamuka kupita ku America ndi ku Ulaya, Sennosuke nayenso anawoloka nyanja ya Pacific ali ndi zaka 20. Iye sanapite ngati nthumwi ya boma. Anagwira ntchito wamba, kuphatikizapo kutsuka mbale, kwa zaka pafupifupi zitatu.

Ndalama zomwe anasunga anagulira ng'ombe zisanu ndi ziwiri n'kubwera nazo ku Japan pa sitima yapamadzi. Maganizo ake sanali opanda nzeru. Kwa zaka mazana ambiri Ajapani sankadya kwenikweni nyama ya ng'ombe kapena kumwa mkaka, koma mu 1872 zinalengezedwa kuti mfumu yaikulu yadya nyama ya ng'ombe, ndipo anthu a m'matauni anayamba kutsanzira. Sennosuke anaona kuti ulimi wa ziweto uli ndi tsogolo. Komabe bizinesiyo sinapite patali, ndipo ng'ombezo anazigulitsa ku boma, lomwe pa nthawiyo linkasonkhanitsa ziweto za mtundu wakunja zoyesera ulimi watsopano.

Kenako analowa sukulu ya Keiō Gijuku ku Tokyo, yomwe masiku ano ndi yunivesite ya Keio. Mwini sukuluyo, Fukuzawa Yukichi, anali mmodzi mwa anthu ophunzira otchuka kwambiri a nthawi ya Meiji. Fukuzawa anamulangiza kuti luso lake lili pa bizinesi osati pa mabuku. Fukuzawa yemweyo ankakonda kupita kukapuma ku akasupe a madzi otentha a ku Hakone, ndipo mu 1873 analemba m'nyuzipepala ya m'deralo kudzudzula kuipa kwa misewu yake ndi kulimbikitsa eni mudzi kuti aikonze. Nkhani ya misewu ya Hakone inadzakhala ntchito yaikulu ya wophunzira wakeyu patapita zaka zoposa khumi.

Chifukwa chake anasankha Miyanoshita

Hakone ndi dera la mapiri omwe anapangika ndi kuphulika kwa ziphalaphala za moto, kumadzulo kwa Yokohama. Pansi pake pamatuluka madzi otentha, ndipo kuyambira kale anthu ankapitako kukasamba pofuna kuchira matenda. Panali midzi isanu ndi iwiri yodziwika ndi akasupewa: Yumoto, Tōnosawa, Dōgashima, Miyanoshita, Sokokura, Kiga ndi Ashinoyu. Mudzi wa Miyanoshita uli pamtunda wa mamita opitirira 400 kuchokera pa nyanja, m'mbali mwa chigwa cha mtsinje wa Hayakawa, ndipo m'nyengo yotentha kumakhala kozizirirako poyerekeza ndi Yokohama kapena Tokyo, komwe chinyezi chimavutitsa anthu osachizolowera.

Panalinso nkhani ya malamulo. Mapangano omwe Japan inasaina ndi mayiko a azungu ankalola anthu akunja kukhala m'madoko osankhidwa okha ndi kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera padokopo. Kwa anthu a ku Yokohama, malire akumadzulo anali mtsinje wa Sakawa, pafupi ndi tauni ya Odawara. Hakone inali kutsidya kwa malirewo pang'ono chabe. Munthu wakunja wofuna kupitako ankafunika chiphaso, ndipo zifukwa zomwe boma linkavomereza zinali kufuna kuchira matenda kapena kuchita kafukufuku. Malo a madzi otentha ankagwirizana bwino ndi chifukwa choyambacho, choncho Hakone anali malo apafupi kwambiri omwe mzungu wa ku Yokohama akanatha kuthawirako kutentha popanda vuto lalikulu ndi akuluakulu a boma.

Alendo oterewa anali atayamba kale kufika ku Miyanoshita, koma ankagona m'nyumba za alendo zachijapani zotchedwa ryokan. M'nyumba zimenezi mlendo amavula nsapato pakhomo, amagona pansi pa mphasa za tatami, zipinda zimalekanitsidwa ndi zitseko za mapepala, ndipo chakudya ndi mpunga, nsomba ndi ndiwo zamasamba. Azungu ambiri ankachita kunyamula okha buledi, zakudya za m'zitini, nthawi zina ndi wophika yemwe. Apa ndi pomwe Sennosuke anaona mpata.

Kutsegula hotela ndi moto wa 1883

M'mudzimo munali nyumba za alendo ziwiri zikuluzikulu, Naraya ndi Fujiya. Sennosuke anagula Fujiya, yomwe inali ya zaka mazana angapo, n'kuikonzanso mwachizungu, ndipo anaitsegula pa 15 Julayi 1878 ali ndi zaka 27. Dzina analisiya momwemo pa katchulidwe koma anasintha kalembedwe kake. Pa Chijapani mawu akuti fuji angatanthauze mtundu wina wa duwa lolendewera, ndipo ndi mmene dzina lakale linkalembedwera. Iye anaika zilembo za phiri la Fuji, popeza ndi dzina lomwe mlendo aliyense wakunja ankalidziwa. Chodabwitsa n'chakuti munthu ataima pa hotelayi phirilo salipenya, chifukwa mapiri ena amatchinga.

Vuto lalikulu la zaka zoyambirira linali chakudya. Ku Miyanoshita kunalibe malo ophikira buledi kapena ogulitsira nyama. Zinthuzi zinkachokera ku Yokohama pa ngolo za akavalo mpaka ku Odawara, ndipo kuchokera kumeneko amtengatenga ankazisenza m'mamawa kukwera nazo phiri kuti zikafike pa tebulo la alendo. Alendo eni ake ankakwera wapansi kapena kunyamulidwa. Ajapani anali ndi machila awo otchedwa kago, koma anali opanikiza kwa anthu amiyendo yaitali osazolowera kukhala chopinda miyendo, choncho ku Hakone kunafala mpando womangiriridwa ku mitengo iwiri womwe amuna anayi ankanyamula pamapewa.

Mu Disembala 1883 moto waukulu unabuka m'mudzimo n'kutentha nyumba zambiri, ndipo Fujiya Hotel inapseratu. Ntchito ya zaka zisanu inatha usiku umodzi. Sennosuke anabwereka ndalama kwa bambo ake omulera n'kuyambiranso chaka chotsatira ndi nyumba yaing'ono, kenako n'kumawonjezera nyumba zina chaka ndi chaka malinga ndi mmene ndalama zinkapezekera. Ichi ndi chifukwa chake Fujiya si chinyumba chimodzi chachikulu monga mahotela ambiri, koma gulu la nyumba za zaka zosiyanasiyana zolumikizidwa ndi makonde ndi masitepe pa phiri lotsetsereka.

Msewu ndi magetsi

Msewu waukulu wakale wa Tōkaidō, wolumikiza Tokyo ndi Kyoto, unkadutsa ku Hakone koma osati ku Miyanoshita. Ukafika pa Yumoto unkakhotera chigwa china kulowera ku nyanja ya Ashi. Wopita ku Miyanoshita ankatsata kanjira kakang'ono ka m'mbali mwa phompho. Sennosuke anazindikira kuti ngakhale atamanga zipinda zokongola bwanji, chiwerengero cha alendo chidzadalira njira imeneyi.

Iye pamodzi ndi anthu ena a m'deralo anasonkhanitsa ndalama zolambulira msewu wa makilomita pafupifupi 7 kuchokera ku Tōnosawa kufika ku Miyanoshita. Ntchitoyi inadya ndalama zoposa 10,000 yen, zomwe zinali zochuluka kwambiri pa nthawiyo, ndipo inatha mu 1887. Odutsa pamsewuwo ankalipira kangachepe kuti ndalamazo zibwerere. Tsopano zikuku zokokedwa ndi munthu, zomwe Ajapani amati jinrikisha, zinkatha kufika pakhomo pa hotela.

Nthawi yake inali yabwino. Chaka chomwecho cha 1887 njanji yochokera ku Yokohama inafika ku Kōzu, ndipo mu 1888 kunayamba kuyenda matiramu okokedwa ndi akavalo kuchokera ku Kōzu kudutsa ku Odawara mpaka ku Yumoto. Mu 1900 matiramuwo anayamba kuyendera magetsi. Ulendo womwe kale unali wotopetsa unasanduka woti munthu akhoza kunyamuka ku Yokohama m'mawa n'kukadya chakudya chamadzulo ku Miyanoshita. Msewuwo unathandiza mudzi wonse, kuphatikizapo Naraya yomwe inkapikisana naye, ndipo pambuyo pake unakhala mbali ya msewu waukulu wa dziko wa nambala 1. Motero njira yaikulu yodutsa ku Hakone inasamuka kuchoka ku Tōkaidō wakale n'kubwera pakhomo pa Fujiya.

Mu 1891 Sennosuke anamaliza nyumba yaikulu yomwe ilipo mpaka lero. Ndi yamatabwa. Kunja kwake imaoneka ngati kachisi wachijapani, ndi denga la matailosi ndi khomo lokhala ndi kadenga kopindika kotchedwa karahafu, koma mkati muli mabedi, mipando, mawindo agalasi ndi zitseko zokhoma. Kusakaniza kumeneku kunali kwadala. Mlendo wochokera ku London kapena ku Boston sanawoloke nyanja kuti adzaone nyumba yofanana ndi ya kwawo, komabe sankafuna kugona pansi. Sennosuke anamupatsa Japan woti aziyang'ana ndi maso, n'kumusiyira bedi lomwe analizolowera. Mahotela ambiri omwe anamangidwa pambuyo pake kaamba ka alendo akunja anatsatira njira yofananayo.

Chaka chomwecho hotelayi inayatsa magetsi pogwiritsa ntchito makina akeake, patangopita zaka zochepa magetsi atayamba kugulitsidwa mu mzinda wa Tokyo. Mu 1893 anayamba kupanga magetsi ndi mphamvu ya madzi a mtsinje wapafupi, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anakhazikitsa kampani yogulitsa magetsi kwa anthu ena a m'deralo. Mu 1906 anawonjezera nyumba ziwiri zoyera za maonekedwe achizungu, zomwe zimatchedwa Comfy Lodge ndi Restful Cottage.

Hotela ya alendo akunja okha

Mpikisano wa Fujiya ndi Naraya unali woopsa. Naraya inali ndi mbiri yakale komanso ulemu waukulu: mu 1873 mfumu yaikulu Meiji ndi mkazi wake anagona kumeneko. Itapsa ndi moto womwe uja wa 1883, nayonso inamanga nyumba yachizungu kuti ikope alendo omwewo. Kwa zaka zingapo nyumba ziwirizi zinkalimbirana mlendo aliyense wokwera phirilo.

Mu 1893 eni ake anagwirizana zogawana alendo. Fujiya inatenga alendo akunja okha, Naraya inatenga Ajapani okha, ndipo Fujiya inkalipira Naraya ndalama chifukwa chosiya msika wa alendo akunjawo. Pangano limeneli linagwira ntchito mpaka mu 1912. Chaka chomwecho cha 1893 Fujiya inasanduka kampani ya masheya.

Sennosuke analisunga panganoli mosanyengerera, moti ngakhale Ajapani olemera kwambiri ankabwezedwa. Maganizo ake anali akuti kulandira ndalama kwa Mjapani mnzake sikuwonjezera kanthu pa chuma cha dziko, chifukwa ndalamazo zimangozungulira m'nyumba imodzi, ngati mwana wolandira kwa kholo lake. Phindu lenileni, kwa iye, linali ndalama zochokera kunja. Mfundoyi inali ndi maziko. Boma la Meiji linkagula kunja makina, zitsulo za njanji, zombo ndi zida, komanso linkalipira akatswiri achizungu malipiro okwera, pomwe zogulitsa zake zikuluzikulu zinali silika ndi tiyi. Mlendo wogona ku Miyanoshita sabata ziwiri ankabweretsa ndalama zakunja popanda dziko kutumiza katundu aliyense padoko. Anthu ena otchuka ankaganiza chimodzimodzi: Imperial Hotel ya ku Tokyo inatsegulidwa mu 1890 kuti izilandira alendo akunja, ndipo mu 1893 kunakhazikitsidwa bungwe la Kihinkai lothandiza anthu odzaona dzikolo.

Komabe si zoona kunena kuti zonse zinali chifukwa chokonda dziko. Panganoli linathetsa mpikisano womwe unkadya phindu la onse awiri, ndipo linapatsa Fujiya alendo omwe ankalipira kwambiri. Linachepetsanso ntchito: khitchini imodzi, zakudya za mtundu umodzi, antchito ophunzitsidwa njira imodzi. Linalinso ndi mbali yowawa. Pa nthawiyo mzungu wopalamula ku Japan sankaweruzidwa ndi khoti lachijapani koma ndi kazembe wa dziko lake, ndipo Japan inalibe ufulu wonse woika misonkho pa katundu wolowa. Ajapani ambiri ankaona mapangano amenewa ngati chipongwe. Mu nyengo yotereyi, hotela yabwino koposa m'dera lonselo inali malo omwe mwini dziko ankalowamo ngati wophika, woperekera zakudya kapena wokoka chikuku, koma osati ngati mlendo. Kusiyana kwake ndi mahotela a m'mayiko olamulidwa ndi atsamunda n'kwakuti lamuloli analiika ndi Mjapani, pamalo pake, ndipo phindu linkatsala m'manja mwa Ajapani.

Mu 1899 mapangano atsopano anayamba kugwira ntchito. Makhoti a akazembe anathetsedwa ndipo anthu akunja analoledwa kuyenda m'dziko lonse popanda chiphaso. Mwayi womwe Hakone inali nawo chifukwa chokhala pafupi ndi malire akale unatha, koma pofika nthawiyo dzina la Miyanoshita linali litakhazikika kale m'mabuku otsogolera alendo.

Alendo a nthawi yake

Mlendo yemwe anakhalitsa kwambiri anali Basil Hall Chamberlain, Mngelezi yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Tokyo. Iye anamasulira m'Chingelezi buku lakale la Kojiki, analemba Things Japanese, komanso anathandiza kulemba buku lotsogolera alendo la kampani ya Murray lomwe pafupifupi mlendo aliyense wolankhula Chingelezi ankayenda nalo. Chamberlain anali wodwaladwala ndipo ankakhala ku Fujiya miyezi yambiri, mpaka anamanga nyumba yosungiramo mabuku ake pafupi ndi hotelayo. Anachoka ku Japan mu 1911. Kukhala ndi wolemba mabuku a alendo ngati mlendo wokhazikika kunali kutsatsa malonda komwe ndalama sizikanagula.

Mu Ogasiti 1893 kunafika Franz Ferdinand wa ku Austria-Hungary, yemwe anali pa ulendo wozungulira dziko lapansi. Ndi yemwe uja anadzaphedwa ku Sarajevo mu 1914, imfa yomwe inayambitsa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. M'mphepete mwa msewu wa kutsogolo kwa hotela munatsegulidwa masitolo ogulitsa zinthu zakale, zithunzi ndi timabokosi ta matabwa amitundumitundu olumikizidwa mwaluso, ntchito yamanja yomwe Hakone imadziwika nayo. Mu 1895 banja lachifumu linamanganso nyumba yake yopumulirako m'mudzi womwewo.

Banja, mkamwini ndi imfa

Funso la wolowa m'malo linayankhidwa m'njira yomwe Sennosuke mwini analowera m'banja la Yamaguchi. Ku Nikkō, dera lina la mapiri kumpoto kwa Tokyo, kunali Kanaya Zen'ichirō, yemwe anayamba kulandira alendo akunja m'nyumba mwake mu 1873 ndipo kenako anatsegula Kanaya Hotel. Mwana wake wachiwiri, Shōzō, wobadwa mu 1882, anachoka kwawo ali mnyamata kupita ku America, kenako ku London komwe ankaphunzitsa masewera ogwetsana a jūjutsu. Atabwerera, mu 1907 anakwatira Kōko, mwana wamkazi wa Sennosuke. Sanangokhala mkamwini wamba: mwa mwambo wachijapani wotchedwa mukoyōshi, anasiya dzina la Kanaya n'kutenga la Yamaguchi ngati mwana wa pakhomopo. Ukwatiwu unalumikiza mabanja a mahotela awiri otchuka kwambiri a m'mapiri a Japan.

Thanzi la Sennosuke litayamba kufooka, mu 1914 anasiya ntchito ndipo Shōzō anatenga udindo woyendetsa hotela tsiku ndi tsiku. Sennosuke anamwalira pa 25 Malichi 1915 ali ndi zaka 63. Sanaione njanji yokwera phiri ya Hakone Tozan, yomwe inafika ku Miyanoshita mu 1919.

Hotelayi iye atamwalira

Zambiri zomwe alendo amakono amazikonda pa Fujiya ndi ntchito ya Shōzō, munthu wa ndevu zazitali yemwe ankakonda zoseketsa koma anali wovuta kwa antchito. Mu 1914 anayambitsa kampani ya magalimoto onyamula alendo. Chivomezi chachikulu cha pa 1 Seputembala 1923, chomwe chinawononga Tokyo, Yokohama ndi Odawara, chinagumula misewu ndi njanji za ku Hakone, koma nyumba yaikulu ya 1891 inaimabe. Mu 1930 Shōzō anamanga chipinda chachikulu chodyera chokhala ndi denga lojambulidwa maluwa ndi mbalame, ndipo m'munsi mwa nsanamira zake anasemamo nkhope zoopsa zomwe anthu amati ndi nkhope yake, yoyang'anira operekera zakudya. Anatsegula sukulu yophunzitsa ntchito za m'hotela, anayambitsa kalabu ya anthu a ndevu ochokera m'mayiko osiyanasiyana ngati njira yotsatsira malonda, ndipo anasindikiza buku lachingelezi lofotokoza miyambo ya dzikolo lotchedwa We Japanese. Mu 1936 anamaliza nyumba ya Flower Palace, momwe chipinda chilichonse chili ndi dzina la duwa, ndipo kiyi wake ankamangiriridwa ku thabwa lalikulu lojambulidwa duwalo. Charlie Chaplin ndi Helen Keller anagona ku Fujiya m'zaka za m'ma 1930. Ukwati wa Shōzō ndi Kōko unatha, koma iye anapitiriza kuyendetsa hotelayo mpaka imfa yake mu 1944, ndipo udindo unapita kwa mkamwini wina wa Sennosuke, Yamaguchi Kenkichi.

Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse hotelayi inasunga akazembe ndi anthu a mayiko omwe anali kumbali ya Japan. Nkhondo itatha mu 1945, asilikali a America anailanda kuti akuluakulu awo azipumulirako, ndipo anthu wamba anayambanso kulandiridwa mokwanira mu 1954. Kwa zaka zimenezi inakhalanso hotela ya alendo akunja, koma tsopano mosafuna eni ake. Mu 1946 nyumba yachifumu ya 1895 ija inakhala mbali ya hotela, ndipo imatchedwa Kikkasō. Mu 1966 kampani ya Kokusai Kōgyō inatenga umwini, ndipo ulamuliro wa banja la Yamaguchi unathera pomwepo. John Lennon ndi Yoko Ono anabwera ndi mwana wawo mu 1978, chaka chomwe hotelayi inakwanitsa zaka 100.

Mu 1997 boma linalemba nyumba zingapo za Fujiya, kuphatikizapo yaikulu ya 1891 ndi ziwiri za 1906, m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dziko. Naraya inatsekedwa mu 2001. Fujiya inatsekedwa mu Epulo 2018 kuti nyumba zake zilimbitsidwe popewa zivomezi, ndipo inatsegulidwanso pa 15 Julayi 2020, tsiku lomwe Sennosuke anaitsegulira mu 1878. Pa nthawiyo malire a Japan anali otsekedwa kwa alendo odzaona malo chifukwa cha mliri wa COVID-19, choncho omwe anadzaza zipinda zake anali anthu okhala m'dziko momwemo.

Masiku ano alendo ambiri achijapani amapita ku Fujiya kukaona mmene dziko lawo linkadzionetsera kwa anthu akunja m'nthawi ya Meiji, kukasamba madzi otentha a m'kasupe omwe amafika m'zipinda zogona, ndi kukadya zakudya zachizungu zophikidwa mwa njira yakale ya hotelayo. Chaka chilichonse pa 2 ndi 3 Januwale, mpikisano wothamanga mopatsirana wa ophunzira a m'mayunivesite wotchedwa Hakone Ekiden umadutsa pamsewu wa nambala 1, kukwera kuchokera ku Tōnosawa n'kudzera pakhomo pa hotelayi, ndipo umaonetsedwa pa wailesi ya kanema m'dziko lonse.